Sewero limene Che Bwanali sanalimalize

Tsiku lina Lolemba, itangotha swala, pemphero lamasana, Che Bwanali anafika pamzikiti wa ku Nselema nkhope ili gwa. Anapeza Shehe Imedi atakhala pansi pa mtengo wa mango, akuviika chubu cha njinga m'beseni la madzi kufufuza pamene pabooka. Shehewo anali munthu wophunzira kwambiri, moti anthu ankachokera kutali ndi mafunso awo, koma mukanawaona tsikulo mukanayesa ndi wokonza njinga wapamsika.

Che Bwanali anali atakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri. Zaka ziwiri zoyamba ankaimbira foni mkazi wake, Abiti Twaha, koma zotsalazo kunangoti zii. Atabwerako sanalimbe mtima kupita kumudzi kwa mkaziyo, kumene anasiya nyumba ndi ana awiri. Anapeza chipinda pamsika, n'kuyamba kutuma amalume ake, omwe anali ankhoswe, kuti akamupepesere. Amalumewo anapita katatu, ndipo katatu konse anabwerako opanda yankho. Banja linali litatsala madzi amodzi.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam, Che Bwanali. Khalani pamkekapo. Mundikhululukire, manjawa anyowa."

"Shehe, ndabwera ndi dandaulo. Achinyamata a pamzikiti uno andichititsa manyazi dzulo pabwalo la sukulu. Ndikupempha kuti gulu lawo la zisudzo muliletse."

"Anakutchulani dzina?"

"Dzina sanatchule. Koma munthu wovala jekete yachikopa, wailesi paphewa, kumalankhula Chizulu chothyokathyoka, woti anasiya mkazi zaka zambirimbiri, ameneyo ndani? Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ankaseka ine."

Unali mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha koopsa, koma Che Bwanali jekete yake yachikopa anali ataivala ndithu, thukuta lili kamukamu. Shehe anaiona jeketeyo, ndipo chifukwa cha ulemu sanaitchule.

"Inenso ndinaliko," anatero Shehe. "Ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Za zisudzo sindidziwa zambiri, ndiye mundithandize. Inu munaonera mpaka pati?"

"Mpaka pamene munthu uja anafika pakhomo la mkazi wake, wotsogolera n'kuimitsa sewero, n'kufunsa anthu kuti, 'Mayiyu amulandire kapena amuthamangitse?' Bwalo lonse linakuwa kuti, 'Athamangitsidwe!' Ine pamenepo ndinanyamuka. Ndikanakhalira chiyani?"

Achinyamata aja ndi mmene amachitira. Sewero lawo silikhala ndi mathero okonzeratu. Nkhani ikafika povuta amaima, n'kufunsa oonera chimene chichitike, kenako amasewera zimene anthu agwirizana. Che Bwanali, atakhalitsa kunja, zimenezi sankazidziwa. Iye anayesa kuti kukuwa kuja ndiye chigamulo.

Shehe anapitiriza kuviika chubu chawo. Che Bwanali anadikira kuti amutsutse, kuti naye apeze pokalipira, koma sanamutsutse. Ukali uja unayamba kumuthera, ndipo chimene chinatsala chinali manyazi ndi mantha.

"Shehe," anatero Che Bwanali, "kulakwa ndinalakwa, sindikukana. Koma munthu akalakwa, mpaka kumuika pabwalo? Mkazi wanga analipo. Anamva yekha mmene mudzi wonse ukundionera. Tsopano angandilandirenso bwanji?"

Shehe anaika chubu pambali, n'kupukuta manja.

"Che Bwanali, anyamata aja anayamba kukonza sewerolo inu musanabwere. Ndinkawamva kuseri kwa madrasa m'mwezi wa Ramadhani. M'dera lino amuna opita ku Joni ndi ambiri, ndipo akazi odikira ndi ambiri. Koma kuti sewerolo linakupwetekani, ine ndikuyamika Allah. Dzulo analipo ena a nkhani yofanana ndi yanu amene ankaseka kuposa onse. Amenewo ndi amene akundidetsa nkhawa, osati inu."

Che Bwanali anaweramitsa mutu.

"Chimene ndikukudandaulirani n'chimodzi," anapitiriza Shehe. "Mwaliweruza sewero musanalimalize. Pakafunsidwa funso pagulu, oyamba kuyankha amakhala amene sizikuwakhudza. Mwini nkhani amachedwa, chifukwa amayamba walimbana ndi mtima wake."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Phokoso litatha, wotsogolera anafunsanso ngati pali wina wa maganizo ena. Panadutsa kanthawi. Kenako kumbali ya amayi kunaimirira mayi mmodzi, n'kukonza mpango wake. Sanakweze mawu, koma tonse tinamva. Anati, 'Musamuthamangitse. Koma asatume munthu. Anachoka ndi miyendo yake, abwerenso ndi miyendo yake, masanasana, ana akuona, anene ndi pakamwa pake. Ankhoswe adzabwera pambuyo.' Anyamata aja anasewera momwemo. Munthu uja anatsitsa wailesi, anagwada pakhomo, n'kulankhula chilankhulo cha kwawo. Palibe anasekanso. Amayi ena ndinawaona akupukuta misozi."

Che Bwanali anadzutsa mutu. Yankho ankalidziwa, komabe anafuna kulimva.

"Shehe, mayi ameneyo anali ndani?"

"Anali Abiti Twaha. Gulu lija sindililetsa, Che Bwanali, chifukwa lapatsa mkazi wanu mpata wonena zimene sakanatha kuwauza amalume anu. Lowani mumzikitimo, mumupemphe Allah akukhululukireni ndi kukupatsani mawu abwino, kenako munyamuke dzuwa likadalipo. Yankho limene mwalidikira milungu itatu linaperekedwa dzulo, inu mutangotuluka."