Dzinkambani Aitana Yekha Mphalapala

Kalekale, mfuti zikadali za gogodera, kunali mlenje dzina lake Dzinkambani. Mfuti yake inkalira kamodzi basi. Ikalira, uthire onga, uike chipolopolo, utsindire ndi kamtengo. Pomwe ukumaliza, nyama ili kuseri kwa phiri. Ndiponso inkapha zapafupi zokha.

Ndiye Dzinkambani sankapita yekha kutchire. Ankapita ndi mlamu wake Kamtedza, munthu wopanda mfuti, wopanda mkondo. Chake chinali nyanga yoboola. Akaiomba, inkalira ngati mphongo ya mphalapala yofuna ndewu.

Ankachita chonchi. Dzinkambani abisale patsogolo. Kamtedza abisale kumbuyo, patali ndithu, aombe nyanga. Mphongo imve, ikwiye, ibwere kudzafuna mdani. Maso ake ali uko kukuchokera mawu, nthiti yapereka kwa Dzinkambani. Phuu! Nyama pansi.

Chaka ichi nyama pansi. Chaka chinacho nyama pansi. Anthu anayamba kutama Dzinkambani, iyenso nkuledzera nazo.

Tsiku lina pogawa nyama, anapatsa Kamtedza ziboda ndi mapapo. Kamtedza anafunsa za mwendo umene ankalandira masiku onse.

"Alamu, imapha ndi mfuti," anatero Dzinkambani. "Nyanga ngakhale mwana akhoza kuomba."

Kamtedza anaimirira. Anaika nyanga pansi, natenga khasu lake.

M'mawa mwake Dzinkambani uyo kutchire, mfuti dzanja ili, nyanga dzanja ili. Anabisala pachitsamba. Anaomba. Zii. Anaombanso. Kenaka nthambi zinayamba kuthyoka.

Mphongo inatulukira, yakuda bii. Koma sinadutse. Idutse ipite kuti, mawu ali pomwepo? Inalunjika pachitsamba, mutu pansi, maso pa iye.

"Kale mawu ankachokera uko, moto nkuchokera kuno," inatero mphalapala. "Abale anga anatha osadziwa poyang'ana. Lero zonse zili pamodzi."

Dzinkambani anataya nyanga, nakweza mfuti. Phuu! Chipolopolo chinapita mumtengo. Utsi usanathe, mphalapala yamubaya pantchafu, yamuponya pansi, yaponda mfuti, yaithyola pakati.

Dzinkambani anakwawira kuseri kwa mtengo. Mphalapala kuno, iye uko. Mphalapala uko, iye kuno. Magazi akutha, mphamvu zikutha. Anachita mantha, nalira ngati mwana, poona kuti imfa yafika.

Koma Kamtedza, ali kumunda kwake m'mphepete mwa tchire, anali atamva kuomba kokhotakhota kuja. Anamvanso mfuti, koma osamva mfuu ya mlenje amene wapha. Anaponya khasu, nathamanga.

Nyanga analibe. Anakunga manja pakamwa, naitana ali patali. Mphalapala inaimika makutu. Chinyengocho inkachidziwa bwino, koma mphongo ndi mphongo.

"Ndani ameneyo akulira m'dziko langa?" inatero, nkutembenuka.

Kamtedza aitane, asunthe. Aitane, asunthe. Anaikoka chomwecho mpaka kutsidya la mtsinje, naisiya ikumenyana ndi zitsamba. Anabwerera, namanga bala ndi luzi, nabereka mlamu wake kumsana.

Dzuwa lili paliwombo anafika pafupi ndi mudzi. Anthu anali pabwalo. Dzinkambani anachita manyazi, napempha kuti amutsitse, alowe m'mudzi akuyenda yekha ndi ndodo.

"Ayi, alamu," anatero Kamtedza. "Lero anthu aone ndithu."

Anadutsa naye pakati pa bwalo, pang'onopang'ono, akupereka moni kwa aliyense.

Dzinkambani anachira, koma mwendo unafota. Kutchire sanapondekonso.

Mwamva ananu? Akamakuomberani m'manja, muzicheuka. Kumbuyo kwanu kuli wina amene anthu sakumuona.

Yangayi nthano yathera pamenepa.