Mlamba wa Nankhoma

Ana a masiku ano mumangotola miyambi ngati mango ogwa okha, osafunsa mtengo wake. Khalani pansi ndikuuzeni za Nankhoma.

Nankhoma ankakhala m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Mwamuna wake, Chimbalanga, anabwera pachikamwini kuchokera kuseri kwa mapiri. Anali munthu wakhama pakhasu, wosadziwa kukweza mawu. Nankhoma ankamukonda, eee, ankamukonda mpaka chikondicho chinabala mantha akuti tsiku lina adzamuthawa.

Mwamuna akachedwa kumunda, funso linkamuchingamira pakhomo: "Bambo a Siyeni, munali kuti?" Akalonjera mayi panjira: "Mumaseka naye chiyani ameneyo?" Kubawo anamuletsa, kudima kolimirana ndi anzake anamuletsanso. Chimbalanga ankangoti, "Ndamva, mayi a Siyeni."

Chaka china mayi ake a Chimbalanga anamwalira. Patapita miyezi, kunabwera uthenga woti kwawo afulula mowa wotsanzikana ndi mzimu wa malemuwo. Chimbalanga atati anyamuke, Nankhoma anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Kumaliro munapita kale! Kumowako kwadzaza akazi akwanu, ndikudziwa ine. Pano m'pamudzi pathu. Mukatuluka, musabwerenso."

Mawu amenewa anali apakamwa chabe, mumtima sankatero. Koma Chimbalanga anatola nkhwangwa ndi mphasa yake, katundu yense wa mkamwini.

"Malemu aja ndi amene anandibereka," anatero chapansipansi. "Tsalani bwino, mayi a Siyeni."

Nankhoma ankati mowa ukatha abwera. Mowa unatha. Ankhoswe analondola, n'kubwerako okha. Mvula inagwa, inakata, munthu osaoneka. Akamva mwamuna akutsokomola panjira, mtima unkangoti phaa, n'kuthamangira panja, kupeza ndi wodutsa. Anamusowa mwamuna wake, ndipo analibe womudandaulira.

M'chilimwe akazi anapita kukakapa thamanda kudambo kuti agwire nsomba. Madzi atachepa, Nankhoma anagwira mlamba wonenepa. Poopa kuti umupulumuka, anaufinya ndi manja onse awiri. Pululu! Mlamba uja unatuluka m'manja n'kulowa m'bango. Nankhoma anakhala pansi m'matope momwemo, nayamba kulira ngati pamaliro.

Atsikana anaseka, koma azakhali a Nankhoma anawakalipira, nadzagwada pambali pake.

"Mwana wanga, sukulira nsomba iwe."

"Azakhali, ine ndinkangofuna asachoke," anayankha Nankhoma akusisima.

Azakhaliwo anapukusa mutu, nati, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Mawu aja anafalikira, ndipo mpaka lero ndi mwambi. Tanthauzo lake ndi ili: mwamuna wa pachikamwini ali ndi kwawo, ndipo chomukhazika pamudzi wa eni ndi ulemu. Mukamupanikiza ndi kulongolola, mukamuletsa abale ndi anzake, adzachoka osakukalipirani n'komwe. Nankhoma anakalamba akuyang'anabe njira yochokera kumapiri, koma Chimbalanga sanabwerenso.