Tsamba la Fodya la Kulas

Ana inu, mwambi wa fodya wa pamphuno uja musamve za anthu kuti unabadwira kuno. Ndinabwera nawo ndine, m'thumba la malaya, kuchokera ku Ilokosi, dziko la ku Filipinzi, masiku amene mano anga anali onse.

Dzikolo ndi kamzere chabe, phiri uku, nyanja yamchere uku. Ukalima mosasamala, khasu limagwera m'madzi. Koma fodya wake wa masiku amenewo, tsamba limodzi ankafolera nalo khola la njati zolimira. Mphepo yake inkasosola nkhuku ikuyenda, pofika pakhomo n'kungoiika mumphika.

Kumeneko kunali mlimi wa fodya dzina lake Kulas. Mtima wake unali pa Inyang, mtsikana woluka nsalu, mwana wa Tata Ambo amene ankaphika madzi a m'nyanja kuti apeze mchere. M'mudzimo, wofunsira mbeta ankapita ndi fodya ndi mtsuko wa basi, mowa wa nzimbe. Bambo wa mtsikana akasuta fodyayo, nkhani yatha, avomera.

Tata Ambo ankamukonda Kulas, ndipo anamuuza kuti abwere tsiku lililonse. Koma Kulas sanafune kupita ndi fodya wamba. Ankafuna tsamba loti mudzi wonse uzilikamba mpaka zidzukulu. Chaka choyamba anati masamba achepa. Chachiwiri anati sanafiire bwino. Inyang anakumana naye pachitsime n'kumuuza kuti Peping, msodzi, wayamba kuzungulirazungulira pakhomo pawo.

"Manong Kulas," anatero mwaulemu, poti manong kumeneko ndiye kuti achimwene, "nsalu ya ukwati ndaluka kachiwiri. Yoyamba ija njenjete zadya."

Kulas anangoseka, nati fodya wa Peping ngothamangitsira udzudzu.

Chaka chachitatu tsamba lija linapezeka, lofiirira ngati uchi, fungo lake n'kumayetsemulitsa nsomba pansi pa nyanja. Anthu onse akapita kofunsira amapichira fodya wawo kukhala ndudu n'kumubisa m'nsalu. Kulas anakana. Analitambasula, n'kulitsamiza pachala ngati ambulera, n'kudzera kugombe kuti aliyense aone.

Apo mphepo ya mpoto inadzuka. Tsamba lija kwapu, m'mwamba. Linaphimba dzuwa masiku atatu, nkhuku n'kumagona masana. Ine ndinaliona ndi maso angawa likuwoloka nyanja.

Kulas anafika kwa Tata Ambo ndi mtsuko wokha, chala chili chiimire. Anawapeza atakhala pafupi ndi mphika wa mchere, utsi ukutuluka m'mphuno. Peping anali atafika m'mawa womwewo ndi kandudu kake konyozeka. Kulas anayamba kufotokoza kukula kwa tsamba lake ndi kununkhira kwake. Mkuluyo anamvetsera mpaka pamapeto, akutsokomola.

"Fodya uyu ngoipa, mwana wanga, akundikanda kukhosi," anatero. "Koma ali pamphuno panga. Wako ali kuti?"

Kulas anayang'ana chala chake. M'nyumba, Inyang sanadzutse mutu pa nsalu imene ankaluka.

Anakalamba yekha Kulas. Tinkakhala tonse pamchenga, iye maso ali kunyanja, ngati tsamba lija lidzabwerera. Ndimamusowa mnzanga ameneyo.

Ndiye mukamva akulu akuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo," akunena kuti chako ndi chimene wachigwira kale n'kuchigwiritsa ntchito, ngakhale chichepe. Chimene ukungochionetsa n'kumati mawa, mphepo ili nacho kale chiwembu.