Timiyala ta mu injini ya a Chidothi

Ana inu, lero ndikuuzani kumene kunachokera mawu ena amene mumawamva kawirikawiri. Ena adzakuuzani zina, koma ine ndinamva motere.

Ku Luchenza kunali makaniko wina dzina lake Dziweni Chidothi. Garaja anasiyiridwa ndi bambo ake, iye pamodzi ndi mlongo wake Nasibeko, amene ankadziwa za injini mofanana naye. Tsiku lina Dziweni ananena pamaso pa makasitomala kuti ntchito ya mkazi pagaraja ndi kupatsira masipanala basi. Nasibeko anatenga bokosi lake la zida n'kukayamba ntchito ku Thyolo.

Patapita miyezi isanu, mayi wina wokonda mipikisano ya liwiro anabweretsa galimoto yake yofiira. Inali ndi tabo, kachipangizo kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu.

"Ndikufuna iwonjezere mphamvu pofika Loweruka," anatero mayiyo.

Dziweni anachotsa ekizozi yakale n'kuwotcherera ina yotakasuka, kuti utsi uzituluka mosavuta. Kenako analumikiza laputopu n'kutchuna injini kuti tabo izikankha mpweya wochuluka. Ataliza, galimoto inabangula moti anthu a kumsika anabwera kudzaonerera.

Koma atakaiyesa pachitunda cha kuminda ya tiyi, anamva kaphokoso kachilendo, ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Ataima, kaphokosoko kanatha. Anatsekula boneti, anasuzumira, anagwedeza mapaipi onse, osapeza kanthu. Atanyamukanso n'kuponda moto, timiyala tija tinayambiranso.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa. Tiyi yekha ndiye anali kumumva.

Anayesa kuika laputopu pampando kuti aziona manambala uku akuyendetsa, koma atangocheuka pakona, anatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Masiku atatu anakwera ndi kutsika chitundacho, funso lili lomwelo. Lachinayi m'mawa anameza manyazi, n'kulunjika ku Thyolo.

Anapeza Nasibeko ali pansi pa minibasi.

"Achemwali, ndinalakwa," anatero. "Ndipo pali chinthu chandizunguza mutu."

"N'chiyani chimene chingazunguze mutu mwamuna, achimwene?" anafunsa osatuluka.

"Timiyala mu injini. Timalira pokwera pokha. Ukaima, zii."

Nasibeko anasiya zimene ankachita. Mkwiyo unalipo ndithu, koma chidwi chinauposa. Anatuluka akupukuta m'manja. "Pokwera pokha? Tiyeni ndikamve."

Nasibeko anakhala pampando wakutsogolo wa galimoto yofiira ija, laputopu pamiyendo. Atafika pachitunda, Dziweni anaponda moto, tabo inaimba mluzu, timiyala tija n'kuyamba.

"Chotsani phazi!" anakuwa Nasibeko.

Ataima pambali, anamulozera manambala. "Taonani apa. Mpweya mwauchulutsa, koma mafuta akuperewera. Pampu yakaleyi ikulephera. Injini ikupsa ndi ludzu, ndiye phokoso mukumvali. Mukanakweranso kawiri, mkati monse mukanasungunuka."

Dziweni anagwira pakamwa. Anaganiza za mayi uja akuthamanga Loweruka, injini n'kuphulika pakona anthu ali mbali zonse.

Anaika pampu yamphamvu, n'kutchunanso pang'onopang'ono, wina akuyendetsa, wina akuwerenga. Pofika Lachisanu masana galimoto inakwera chitunda chija ikulira bwinobwino. Nasibeko anabwerera pagaraja ya bambo ake, ndipo anthu akamafunsa Dziweni chimene chinachitika, iye ankangoti, "Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri."

Mawuwo anafalikira mpaka kusanduka mwambi. Tanthauzo lake ndi lakuti funso limapindula ngati pali mnzako woti akuyankhe. Ngakhale utakhala katswiri chotani, maso ako ndi awiri okha, ndipo sangaone msewu ndi manambala nthawi imodzi. Choncho musamanyoze amene mumagwira naye ntchito. Tsiku lodzakumana ndi chachilendo, mudzafuna munthu woti mumufunse.