Tsamba la Chinkhoswe cha Magadalena

Ku Kabwazi, pa tebulo lomwe amayi ake amasankhirapo nyemba, m'pamene Magadalena anapangira tsamba la pa intaneti la chinkhoswe chake. Iyeyu ndi achimwene ake, a Kalisto, onse anaphunzira zamakompyuta, ndiye m'nyumbamo mikangano ndi ndiwo kkkk. Tsambalo linali loti achibale a ku Joni aonerepo mwambo pompopompo, makamaka bambo awo a Rafaelo, omwe abwana anawakaniza kubwera kumudzi.

Anakonza chonchi. Timapulogalamu tonse toonetsa kanema, kompyuta imatimanga mtolo umodzi. Ukasintha kanthu n'kumanganso, mtolowo umapatsidwa dzina lina. Ndiye Magadalena anaikamo kachida koti kazilemba tsambalo kokha nthawi yomangayo, kuti tsamba liziitana mtolo ndi dzina lolondola.

A Kalisto ataona anapinda mlomo. "Tsamba lodzilemba lokha? Ulesitu uwu. Ndilemba ndekha ndi manja angawa."

"Achimwene, dzina la mtolo limasinthatu. Mukalemba pamanja, tsiku lina tsamba lidzaitana mtolo woti kulibe."

"Iwe Maga, kompyuta ndinayamba kuigwira iwe ukudya dothi. Pita ukayese diresi uko."

Basi kachida kaja anakazula ngati chisoso. Magadalena anawachenjezanso, mpaka kuwagwira mkono, koma mutu wake unali ku salon, ku telala, kwa ankhoswe. Anangoti Mulungu aona.

M'mawa wa tsiku la mwambowo a Kalisto anaona kuti mtundu wa tsamba sukugwirizana ndi nsalu ya chinkhoswe. Anasintha, kumanganso, kutumiza. Mtolo unalandira dzina latsopano, tsamba lawo lapamanja likuitanabe lakale. Anayesa pa foni yawo, foniyo n'kuwaonetsa zakale zomwe inasunga, iwo amvekere zatheka. Anaitseka kuti isalire, n'kukwera pampando kuyamba kujambula ndi kamera, atavala magalasi akuda m'chifunga cha ku Dedza, abale inu kkkk.

Mwambo unakoma! Ankhoswe anapatsana tambala ndi thadzi, nthungululu mpaka kuphiri. Magadalena anagwada, anavina, kangapo konse akutembenukira ku kamera kuwabayibitsa ababa ake, misozi ili mbwembwembwe.

Zonse zitatha analowa m'nyumba kukavula nsapato, n'kupeza foni yake ikulira m'chikwama.

"Mwanangu, kodi simunayambe?" anali a Rafaelo. "Kuno ndavala suti, anzanga ndinawaitana adzaza chipinda. Chiyambire m'mawa tikungoona choyera mbee, pansi pake palembedwa kuti 'Wapanga ndi Kalisto'. Ndaimba, ndaimba, palibe woyankha."

Magadalena anatuluka ndi nsapato imodzi, nkhope ili psuu ngati tsabola.

"Achimwene! Tsikani pampandopo!"

"Ulemu, Maga, pali alendo..."

"Alendo omwewo amve! Ababa sanaone kalikonse! Ine kumabayibitsa mphepo tsiku lonse ngati wamisala!"

"Ndi netiweki ya ku Joni imeneyo. Pa foni yanga zikuoneka bwinobwino."

"Netiweki? Nayi yanga, tsegulani! Kapena nayonso ili ku Joni?"

Anatsegula. Mbee. Pansi dzina lawo lili ngwanjula. Amalume a mkamwini anasuzumira, n'kuwerenga mokweza pang'onopang'ono ngati ali m'tchalitchi, "Wa-pa-nga ndi Ka-li-sto," azimayi otsuka mbale n'kufa nako kuseka kkkk.

Koma Magadalena sanaseke. "Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni? Ndinakugwirani mkono! Chinkhoswe n'chobwereza? Nkhuku zija tikazitenge tipatsanenso chifukwa cha matama anu?"

A Kalisto anakhala pansi, thukuta kamukamu kunja kukuzizira. Anabwezeretsa kachida kaja, n'kumanganso. Tsamba linadzilemba lokha, kanema n'kuyamba kuoneka. Ku Joni anaona anyamata akusanjikiza mipando, ndi galu akunyambita poto.

A Rafaelo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Anzanga apita. Ndikavule sutiyi." Foni thii.

Magadalena anapita kwa apongozi ake osawatsanzika achimwene akewo. A Kalisto anakabisala kuseri kwa khola, mpunga wa chinkhoswe osaulawa n'komwe. Mpaka lero pa Kabwazi chinthu chikakanika, kaya ndi njinga kaya ndi wailesi, ana amakuwa kuti "wapanga ndi Kalisto!"

Akulu sananame, chosamva adachiphikira m'masamba.