Mbama ya mu Wodi ya Abambo

Ana anga, mawu ena amabadwa ndi misozi. Amene ndikuuzeniwa anabadwira pachipatala china chakumudzi, mu wodi ya abambo.

Kumeneko kunali namwino wachitsikana dzina lake Tiyanjane, ndipo mkulu wake pantchito anali Mayi Nasibeko. Tsiku lina masana, mdala wina atamwalira, mwana wa malemuyo anatchinga Tiyanjane pakhomo n'kumuwomba mbama mpaka khutu linatuluka magazi.

"Mwandiphera bambo anga inu!" anakuwa motero.

Anamwino anzake anaona, koma aliyense anayang'ana kumbali. Tiyanjane anapita kwa mkulu wake.

"Mayi, tipemphereni mlonda pakhomo la wodi. Komanso uthenga wa maliro asamapereke munthu mmodzi ali yekha."

"Iwe mwana, namfedwa saimbidwa mlandu," anayankha Mayi Nasibeko. "Ine ndamera imvi pano, palibe anandikhudzapo. Mwina pakamwa pakopo ndi pamene palibe ulemu. Kasambe kumaso, ubwerere kuntchito."

Khutulo silinamvenso. Posakhalitsa Tiyanjane anasiya ntchito n'kubwerera kwawo. Anamwino otsala anaphunzirapo chimodzi: phokoso likangoyamba, ankathamangira m'chipinda cha mankhwala n'kudzitsekera.

Dzinja litafika, mankhwala a malungo anatha. Bambo wina, amene mng'ono wake anali kayakaya, anafunsa Mayi Nasibeko za mankhwalawo. Atamva kuti kulibe, ananyamula chitsulo chopachikapo dilipi. Mayiwo anakuwa, kuitana anamwino awo mayinamayina. Chimene anamva ndi kulira kwa loko wa chitseko basi.

Anatsitsimuka ali pabedi, mkono wamanja utathyoka pawiri. Dzanjalo silinagwirenso jakisoni. Apo m'pamene akuluakulu a chipatala analemba mlonda.

Ali chigonere, Mayi Nasibeko anatuma munthu kukaitana Tiyanjane kuti amupepese. Wotumidwayo anabwerako yekha.

"Akuti khutu lomvera kupepesa ndi limene linafa lija."

Mayi Nasibeko anayang'ana anamwino amene anawazungulira, nati, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Ndiwo mwambi mumaumva uja. Tanthauzo lake n'lakuti tsoka likagwera mnzako silinathere pomwepo, likungofuna khomo lina. Mnzako akamenyedwa iwe n'kukhala chete, wauza womenyayo kuti pano n'pololedwa, ndipo tsiku lako likadzafika, udzakuwa popanda wokuyankha.