Bakha pa Makadi a Ukwati

Bambo atangoikidwa m'manda, mchimwene wawo analanda makiyi a shopu yosindikiza makadi, mayi wamasiye n'kumupatsa tsache. Mayiyo ankasesa akukukuta mano. Sanachoke, chifukwa zithunzi zonse za malemu zinali m'kompyuta ya m'shopumo, kwina kulikonse kunalibe.

Lolemba lina kunabwera mayi wokonza makompyuta, n'kuchenjeza mchimwene wa malemu uja.

"Achimwene, mumtima mwa makinawa muli kawindo komwe mapulogalamu amapatsirana mauthenga. Kawindoko kali ndi chilema, sikafunsa kuti iwe ndiwe yani. Kapulogalamu kachabechabe kakhoza kunena kuti ndine bwana, mtima n'kuvomera. Chigamba chake chilipo, chaulere. Tingozimitsa mphindi khumi basi."

"Mphindi khumi? Muno sitisewera," anatero mlamu wa mayi wamasiyeyo. "Wakuba ndimamudziwa ine, amabwera ndi miyendo."

Anagula loko ndi unyolo, n'kumangirira kompyuta kumwendo wa tebulo. Atatero anaikamo kasewero kaulere ka bakha wovala chipewa, koti azitayira nthawi.

Lachinayi makadi mazana atatu a ukwati anatuluka ali ndi bakha pakati pa mkwati ndi mkwatibwi. Pamapepala a mwambo wa maliro, bakha anakhala ndee pamwamba pa bokosi. Mlamu anamenya pulinta ndi nsapato. Pulinta inamulavulira bakha wina.

Wokonza uja atabweranso anapukusa mutu. "Kabakha kanu kaja kanalowera pakawindo paja, tsopano ndi kamene kakulamula mtima. Chilichonse mungakopere muno chituluka ndi mazira ake. Mankhwala ndi amodzi, kufufuta zonse."

"Fufutani," anatero mlamu.

Mayi wamasiye anaima pakati, tsache lili m'mwamba. "Alamu, munatenga makiyi, ndinakhala chete. Munatenga mpando, ndinakhala chete. Mukafufuta nkhope ya m'bale wanu, lero muno mutuluka maliro achiwiri."

"Nanga bakhayu titani naye, mlamu?" anafunsa mwamunayo.

"Muzimudyetsa. Si mnzanu? Nonse awiri munalowera pawindo."

Makasitomala anatha mmodzimmodzi. Mlamu akadali pampando, unyolo ukadali gwa kumwendo wa tebulo. M'mawa uliwonse mayiyo amatsegula chithunzi cha mwamuna wake. Malemu ali mu suti yawo ya ukwati, bakha wachipewa ali paphewa. Mayiyo amachiyang'ana nthawi yaitali, amatukwana pang'ono, n'kutola tsache lake.

Amene ananena anali atazionapo: khoswe akakhala pamkhate sapheka.